Makala a pa Nsungwi ndi mbalame za ku Dzalanyama

Ambiri mwa makala amene amaphikira mabanja a mumzinda wa Lilongwe, kuphatikizapo ogulitsidwa pamsika wa Nsungwi ku Area 25, amachokera ku mitengo yachilengedwe, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumayambira mtsinje wa Lilongwe, ndi imene yavulala koposa ndi malondawa. Nkhalangoyi ili pamndandanda wa bungwe la BirdLife International wa malo ofunika kwambiri pa moyo wa mbalame, chifukwa imasunga mitundu yosowa, monga gogomole wotchedwa Stierling, yemwe amadalira mitengo ikuluikulu ya mombo, yomwenso ootcha makala amathamangira kugwetsa. Boma lidatumizako asilikali mu 2015, koma njinga zosenza matumba sizidaleke kulowa mumzinda mbandakucha.

Njira ina yotetezera mbalame idaoneka ku nyanja ya Chilwa, imene mu 1996 idakhala dambo loyamba la Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar, lomwe maiko adasaina ku Iran mu 1971 pofuna kuteteza madambo. Nyanjayi itaphwa mu 1995 nsomba zidasowa, anthu n'kutembenukira kwa abakha a m'madzi ndi mbalame zina, kotero kuti zogwidwa pachaka zidapitirira 1 miliyoni. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alenje eni akewo, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lidayamba mu 1947, adapanga makalabu osalipidwa amene, mogwirizana ndi mafumu, adapatula malo oswanirako mbalame, n'kuletsa kutchera misampha panyengo yoikira mazira. Umphawi ndi chilala zakhala zikufooketsa makalabuwa, komabe chachikulu n'chakuti lamulo lidachokera kwa anthu amene ndiwo zawo zili m'dambomo.

Ku Lilongwe wodyera nkhalango ndi wophika wa m'tauni, yemwe sangadzudzulidwe mopepuka pamene magetsi ngosadalirika ndipo gasi ngokwera mtengo. Komabe ali ndi zimene angachite popanda ndalama zambiri: kugwiritsa ntchito mbaula yosadya makala ambiri, kubzala mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, ndi kuyambitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, momwe mwana wa legeni angaphunzire kuwerenga mbalame m'malo mozigenda. Mafumu a m'maboloko, mipingo ndi aphunzitsi a ku Nsungwi ayambe ntchitoyi mvula ikubwerayi isanathe.