Kodi galimoto amaichonga bwanji?

Pa mayeso a masamu, yankho likakhala 12 ndi 12 basi, aphunzitsi amangochonga. Nanga ophunzira za uinjiniya ku yunivesite akapanga makina, malikisi amawapatsa bwanji? Magulu awiri akhoza kupanga zinthu zosiyana kotheratu, zonse n'kumagwira ntchito bwinobwino.

Tiyeni tione momwe amachitira pa mpikisano wa Formula Student ku Britain, umene unayamba mu 1998 ndipo masiku ano umachitikira pa bwalo la Silverstone. Gulu lililonse la ophunzira limapanga lokha kagalimoto ka liwiro kokwera munthu mmodzi, ndipo amalimbirana malikisi 1,000.

Choyamba ndi chitetezo. Apa palibe malikisi: mukalephera, galimoto yanu siiloledwa kulowa mumsewu. Amaipendeketsa madigiri 60 kuti aone ngati singagubuduke pokhota. Mabuleki ayenera kugwira matayala onse anayi. Dalaivala ayenera kutuluka pasanathe masekondi 5, poti moto ukabuka sadikira munthu.

Chachiwiri, galimoto ionetse ntchito. Amaiyesa liwiro pa mtunda wa mamita 75, komanso kukhota kwake. Koma malikisi ambiri ali pa ulendo wa makilomita 22, pomwe amayezanso mafuta kapena magetsi amene yadya. Magalimoto ambiri amafera panjira, mwina chifukwa cha kawaya kamodzi kamene kamasuka.

Chachitatu chimachitika galimoto ili chiimire. Mainjiniya odziwa ntchito amaizungulira n'kumafunsa mafunso. Bwanji munasankha chitsulo ichi osati chopepukirapo? Munawerengera bwanji kuti sichithyoka? Munachiyesa? Ophunzira amaperekanso lipoti la mtengo wa chipangizo chilichonse, ngakhale bawuti.

Mwina mukuti, "Aaa, galimoto ikuyenda, mafunso onsewa ngachani?" Nkhani ndi yakuti chinthu chikhoza kugwira ntchito mwamwayi, kapena chifukwa mwangokopera kwa ena. Munthu wosadziwa chifukwa chake sangathe kuchikonza zinthu zikasintha. Ndipo mawa munthu yemweyo adzapatsidwa ntchito yomanga mlatho wodutsapo mabasi odzaza anthu.

Palinso vuto lija mumalidziwa kale: pa ntchito ya pagulu pamakhala wina wongodyera anzake. Pa mapulojekiti a m'kalasi, mayunivesite ambiri amathana nalo pouza wophunzira aliyense kuti azisunga kabuku kolembamo zimene wachita. Ena amauza ophunzira kuti apatsane malikisi okhaokha, komanso amafunsa aliyense payekha pamaso pa aphunzitsi.

Ndiye mukamapanga pulojekiti ya sayansi kusukulu, kaya ndi mbaula yosatha nkhuni kapena sefa ya madzi, yambani ndi kope. Lembani chimene mukufuna chinthucho chichite, m'manambala. Yezani, lembani zotsatira, ngakhale zimene zakanika. Aphunzitsi akadzafunsa kuti "chifukwa chiyani?", mudzangotsegula kopelo.