Mwana Wophunzira Panyumba Akafuna Ganyu ku America

Mabanja ena ku America amaphunzitsa ana awo panyumba. Mwana akafika zaka 14 amayamba kulakalaka kandalama kakekake, ndipo ife makolo timakondwera chifukwa ntchito imaphunzitsa khama. Koma asanavale yunifolomu ya m'sitolo, tiyenera kudziwa malamulo, kuopa kuika mwanayo ndi womulemba ntchito m'mavuto.

Lamulo la dziko lonselo, Fair Labor Standards Act la 1938, limalola mwana wa zaka 14 kapena 15 kugwira ntchito maola atatu okha pa tsiku la sukulu ndi maola 18 pa mlungu wa sukulu. Pa holide amaloledwa maola 8 pa tsiku ndi 40 pa mlungu. Asayambe 7 koloko ya m'mawa isanakwane, ndipo aweruke pofika 7 koloko madzulo, kupatula kuyambira pa 1 Juni mpaka tsiku la Labor Day, pamene angafike 9 koloko usiku.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timaganiza kuti mwana akamaliza maphunziro ake 11 koloko m'mawa, angathe kupita kuntchito masana. Ayi. Lamulo limawerengera maola a sukulu za boma za dera lomwe mwanayo akukhala, ngakhale iye sapita kumeneko.

Chikalata chololeza mwana kugwira ntchito chili m'manja mwa boma la chigawo chilichonse. Ku New York mwana wosakwana zaka 18 ayenera kukhala nacho, ndipo wophunzira panyumba amakachitenga ku ofesi ya sukulu za boma za dera lake. Amapita ndi umboni wa zaka zake, chilolezo cha kholo ndi kalata ya dokotala yosonyeza kuti anapimidwa m'miyezi 12 yapitayi. Ku Texas chikalatachi sichifunika. Ku Indiana anachithetsa mu 2021, ndipo nthawi imeneyo analamula kuti wolemba ntchito amene ali ndi ana asanu kapena kuposerapo ndiye aziwalembetsa ku boma. Pamene lamulo la chigawo likusiyana ndi la dziko lonse, lomwe limateteza mwana kwambiri ndilo limatsatidwa.

Malire amenewa amateteza thupi lomwe likukulabe. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo akatopa savuta kuvulala. N'chifukwa chake wosakwana zaka 18 saloledwa kufolera denga kapena kugwiritsa ntchito makina odulira nyama.

Choncho mwana asanavomere ntchito, tifunse ku ofesi ya zantchito ya chigawo chathu, ndipo tikonzeretu mapepala onse. Tikhale naye pansi n'kuona ngati maola a ntchitoyo akumusiyira nthawi ya maphunziro ndi tulo. Za Sabata anene yekha pa tsiku lomwe akufunsidwa mafunso, bwana asanalembe ndandanda ya masiku ogwira ntchito.