Kodi Mumadziwa? Momwe Zisudzo Zimamasulira Lilime la Mwana

Kodi mumadziwa kuti mwini mawu a Mufasa mufilimu ya The Lion King, mawu aja ogunda ngati bingu la mvula yoyamba, anakula ali wachibwibwi? James Earl Jones, yemwe ambiri timamukumbukiranso ngati mfumu ya ku Zamunda mu Coming to America, chibwibwi chinamusautsa ali mwana mpaka anangosankha kutseka pakamwa. Kwa zaka pafupifupi 8 sankayankhula pagulu. Atafika kusekondale ku Michigan, mphunzitsi wake Donald Crouch anatulukira kuti mnyamatayo amalemba ndakatulo. Anamuuza kuti ngati ndakatuloyo analembadi yekha, aimirire kutsogolo kwa kalasi, ailakatule pamtima. Anaimirira, nailakatula yonse osaphunthwa. Pomwe ankamwalira mu 2024, ali ndi zaka 93, dziko lonse linkamudziwa chifukwa cha chinthu chomwe anachibisa zaka zonse zija.

Nanga mumadziwa kuti Emily Blunt, katswiri wa mafilimu wa ku England, nayenso anali wachibwibwi? Ali ndi zaka 12, mphunzitsi wina anamupempha kuti alowe m'sewero la m'kalasi. Iye anakana. Mphunzitsiyo anamuuza kuti ayese kuyankhula ndi kayankhulidwe ka anthu a dera lina, osati kake. Lilime linamasuka pomwepo.

Musandimve molakwa. Zisudzo si mankhwala a chibwibwi, ndipo onse awiriwa ananena poyera kuti vutolo silinatheretu. Koma taonani chomwe chimachitika. Mwana wamanyazi amaopa kuti akalakwitsa, wosekedwa akhala iyeyo. Mukamuveka chisoti cha mfumu kapena duku la agogo, wosekedwa ndi mfumuyo, iye ali kuseri kwake. Amayamba kulimba mtima m'dzina la munthu wina, kenako tsiku lina amangozindikira kuti chisoti chija anavula kalekale koma mawu akutulukabe.

Kodi mumadziwa kuti sewero lanu loyamba munachita musanalidziwe n'komwe khomo la sukulu? Ndi masanje. Wina bambo, wina mayi, wina mwana wolira, wina fisi wodzaba nsima. Panalibe pepala, panalibe wotsogolera, koma aliyense ankadziwa mbali yake ndipo woswa lamulo ankadzudzulidwa nthawi yomweyo. Madzulo pamoto, agogo akati “Padangotero,” inu n'kuvomera kuti “Tili tonse,” simunali omvera chabe. Popanda inu nthanoyo sikanayenda.

Kodi mumadziwa kuti masewera ambiri amene aphunzitsi a zisudzo amayambira nawo masiku ano anapangidwira ana a alendo? Viola Spolin ankagwira ntchito mumzinda wa Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 pakati pa ana a mabanja ochokera m'maiko osiyanasiyana, ena osadziwa bwino Chingerezi. Kuwapatsa pepala loti aloweze kunali kuwaonjezera mantha. Choncho ankawapatsa masewera. Ana awiri ayang'anizane, wina akhale galasi la mnzake, azitsanzira chilichonse chomwe mnzakeyo akuchita. Kapena mwana agulitse katundu pogwiritsa ntchito mawu opanda tanthauzo, anzake amve kudzera m'manja ndi nkhope. Maganizo a mwana akakhala pa masewerawo, amaiwala zoti anthu akumuyang'ana. Buku lake lofotokoza njirazi, Improvisation for the Theater, linatuluka mu 1963 ndipo likugwirabe ntchito.

Apa ndiloleni ndikutengereni kusekondale ina yogonera komweko kumene ndinaphunzira. Katani yathu inali mashiti awiri a kuhositelo, osokedwa pamodzi n'kukolekedwa pa waya. Woti akhale nkhalamba tinkamuthira ufa kumutu, ndevu tinkajambula ndi khala. Panali mtsikana wina wa Fomu 1 amene m'kalasi akafunsidwa funso ankangoyang'ana pansi n'kumakanda desiki. Aphunzitsi oyang'anira kalabu sanamukakamize kukwera pasiteji. Anamupatsa pepala la sewero, namukhazika kuseri kwa katani kuti azinong'oneza aliyense woiwala mawu. Milungu itatu ikutha, sewero lonse linali m'mutu mwake. Tsiku lina amene ankachita mbali ya apongozi anagwidwa malungo, ndipo tonse tinatembenukira kwa iye. Anamanga chitenje manja akunjenjemera. Mawu ake oyamba sanafike ngakhale pa benchi yachiwiri. Aphunzitsi anapita kukaima kukhomo lakumbuyo kwa holo nati, “Mwanawe, uza ine kuno, ndine wogontha.” Anabwereza kanayi. Kachisanu holo yonse inamva, ndipo ife kuseri kwa mashiti aja tinaomba m'manja sewero lisanathe. Teremu yotsatira ndinamuona akukweza dzanja m'kalasi.

Kodi mumadziwa kuti pamene anthu asanu akuoneka pasiteji, kumbuyo kumakhala ena ochuluka kuwaposa? Wokoka katani, woimba ng'oma, wosunga zovala, wonyamula mpando wa mfumu, wotolera ndalama pakhomo. Mu mpira muli okhala pabenchi. M'zisudzo benchi mulibe, pakuti mmodzi akajomba onse aima. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amene anadikirapo mnzake kuti amalize mawu ake asanayambe akeake amaumvetsa mwambiwu kuposa amene anangouloweza pokonzekera mayeso.

Kodi mumadziwa kuti Du Chisiza Jr. anatulukira pa mpikisano wa ana asukulu? Mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kwa nthawi yaitali ndiwo unali bwalo lalikulu la achinyamata a m'sekondale m'Malawi. Mu 1982, Du ali wophunzira pa HHI ku Blantyre, sewero lomwe analemba yekha, The Deceased's Attack, linapambana. Mnyamatayu anabadwa mu 1963, patangopita miyezi ingapo bambo ake, a Dunduzu Chisiza, atamwalira. Atabwerako kusukulu ku America anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, ndipo mu 1993 anakhala nduna ya boma. Anamwalira mu 1999 asanakwanitse zaka 36. M'gulu lake ndi momwe munakulira Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake anayambitsa gulu lakelake la Wanna Do, n'kuonetsa kuti mayi akhoza kulemba sewero, kulitsogolera ndi kudzaza holo.

Nanga mumadziwa kuti ana a nthawi imeneyo ankayenera kudutsa kaye kwa akuluakulu ofufuza zolembedwa? Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse loonetsedwa pagulu lilandire chilolezo. Ndiye olemba anaphunzira kuzungulira: kubisa nkhani m'nthano, m'mbiri yakale, m'miyambi. Oonera ankamva zomwe zikunenedwa ngakhale palibe amene anazitchula.

ATEM ndimailemekeza, koma chilema chake ndichinena. Cholinga chake chinali kukuza Chingerezi, choncho mwana waluso amene lilime lachizungu linkamulemera ankatsala panja, ndipo makolo akumudzi akabwera kudzaonera ankangotsatira ndi maso. Gulu loyendayenda la ophunzira a ku Chancellor College, lomwe linayamba m'zaka za m'ma 1970, linaona vutoli. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukapanga masewero pamodzi ndi anthu akumudzi pa nkhani zowakhudza, m'ziyankhulo zawo. Zaka zingapo pambuyo pake njira yomweyo inagwira ntchito m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za umoyo, monga zitsime ndi zimbudzi. Mayina a Chris Kamlongera ndi David Kerr sasowa pokamba za ntchitoyi. Ndipo amene anaonapo momwe Izeki ndi Jakobo ankagwetsera anthu ndi phwete akudziwa mphamvu yomwe sewero limakhala nayo likayankhula Chichewa cha pamsika.

Kodi mumadziwa kuti pali mtundu wa zisudzo umene woonera amaloledwa kuimitsa sewero n'kulowamo? Anauyambitsa ndi Augusto Boal wa ku Brazil, amene anamangidwa ndi boma la asilikali mu 1971 kenako n'kuthawa kwawo. Iye ankafotokoza kuti ali ku Peru mu 1973, mayi wina woonera anakwiya chifukwa ochita sewero ankalephera kuchita molondola zomwe iye ankawalangiza. Boal anamuitana kuti akwere achite yekha. Mayiyo anakwera. Kuyambira pamenepo, sewero limaonetsa munthu akuponderezedwa, kenako limabwerezedwa, ndipo aliyense woona kuti angachite bwino amalowa m'malo mwa wozunzikayo. Ku Malawi bungwe la Theatre for a Change lakhala likugwiritsa ntchito njirayi m'makoleji a aphunzitsi komanso pakati pa atsikana, mpaka kuifikitsa pawailesi m'pulogalamu ya Tisinthe, momwe womvera amaimba foni n'kutenga mbali ya munthu wa m'sewero. Mtsikana amene wayeserera kukana bambo wamkulu kasanu pamaso pa anzake, tsiku lenileni likafika mawu aja sawafunafuna kutali.

Kodi mumadziwa kuti ku Lusaka kuli gulu lotchedwa Barefeet, lomwe linayamba mu 2006 pakati pa ana ogona m'misewu? Dzinalo likutanthauza mapazi opanda nsapato. Amagwiritsa ntchito zisudzo, magule ndi masewera odumphadumpha, ndipo ena mwa ophunzitsa ake anakulira mumsewu momwemo. Mwana amene anazolowera kuti anthu akamuona amatseka mawindo a galimoto, tsiku lina amaona anthu omwewo atakhala pansi kumuombera m'manja.

Nanga ichi: gulu lotchuka la Amakhosi la ku Bulawayo linayamba ngati kalabu ya karate ya anyamata a ku Makokoba. Mtsogoleri wawo, Cont Mhlanga, ndiye anawatembenuzira ku zisudzo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Kodi mumadziwa kuti Sarafina! isanakhale filimu inali sewero la achinyamata? Mbongeni Ngema anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana, ambiri osadziwika n'komwe, nawaphunzitsa kwa miyezi yambiri kuimba, kuvina ndi kuchita sewero. Linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, tsankho lidakali pachimake, ndipo mu Januwale 1988 linafika ku Broadway mumzinda wa New York komwe linakhala pafupifupi chaka ndi theka. Leleti Khumalo anali ndi zaka 17 pomwe ankayamba mbali ya Sarafina. Nkhani yomwe ankaonetsa, ya ana asukulu a ku Soweto olimbana ndi tsankho, sinali yongomva kwa iwo. Filimu ija tinkaionera m'mavidiyo sho inatuluka mu 1992.

Kodi mumadziwa kuti mpikisano wa zisudzo wa sukulu za ku Kenya unayamba mu 1959? Mu 2013 akuluakulu analetsa sewero la atsikana a pa Butere Girls lotchedwa Shackles of Doom, lomwe linkakamba za kusankhana mitundu pogawa chuma cha dziko. Nkhani inapita kukhoti, khoti linachotsa chiletsocho, atsikanawo anakwera pasiteji. Lupita Nyong'o nayenso ndi wa bwalo la achinyamata: ali ndi zaka 14 anachita mbali ya Juliet ndi gulu la Phoenix Players ku Nairobi.

Kodi mumadziwa kuti pa 20 Malichi chaka chilichonse ndi tsiku la zisudzo za ana ndi achinyamata padziko lonse? Amalitsogolera ndi a bungwe la ASSITEJ, lomwe linakhazikitsidwa mu 1965. Pakangotha sabata, pa 27 Malichi, pamabwera tsiku la zisudzo zonse. Zimandiwawa kuti m'sukulu zambiri zomwe ndapitako masiku awiriwa amangodutsa mwakachetechete, holo ili yokhoma, kalabu ya zisudzo itafa pamene anasamuka mphunzitsi mmodzi amene ankaikonda. Chikhalirecho sewero silifuna labotale kapena magetsi. Mthunzi wa mtengo wa mango, ng'oma imodzi ndi munthu wamkulu wololera kutsalira ola limodzi ana akaweruka, basi zakwana.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti bambo ake a William Kamkwamba a mufilimu anachokera ku gulu la zisudzo la achinyamata? National Youth Theatre ya ku Britain inayamba mu 1956, pomwe mphunzitsi wina wa ku London, Michael Croft, anasonkhanitsa anyamata a pasukulu yomwe ankaphunzitsa kuti achite sewero la Shakespeare la Henry V nthawi ya tchuthi. M'gululi munadutsa Helen Mirren ndi Daniel Craig, amene anadzakhala James Bond. Munadutsanso mnyamata wina wa makolo a ku Nigeria, Chiwetel Ejiofor. Asanakwanitse zaka 20, Steven Spielberg anamutenga mufilimu ya Amistad. Patatha zaka makumi awiri anabwera ku Kasungu kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019. Anailemba yekha, anaitsogolera yekha, natenganso mbali ya a Trywell Kamkwamba. Kuti achite zimenezo anakhala pansi n'kuyamba kuphunzira Chichewa, liwu ndi liwu.