Unwele: Chitsamba cha Gulu la Nyemba Chogulitsidwa ku Johannesburg

Chiyambi

M'misika ya mankhwala azitsamba ya mu Johannesburg, monga Faraday ndi Kwa Mai Mai, mumapezeka masamba ouma owawa zedi a chitsamba chimene Azulu amachitcha unwele, pamene m'chilankhulo cha Afrikaans amati kankerbos. Akatswiri a zomera anachitcha Sutherlandia frutescens, ndipo m'chaka cha 2000 anachisamutsira m'gulu la Lessertia. Chimamera chokha m'madera ouma a South Africa, Namibia ndi Botswana.

Maonekedwe ndi ubwino wake m'munda

Chitsambachi chimatalika pafupifupi mita imodzi. Masamba ake ndi otuwa, maluwa ake ndi ofiira, ndipo makoko ake ndi otupa, opyapyala ngati pepala. Chili pa ubale ndi nandolo ndi khobwe, choncho tizilombo tokhala m'timaphundu ta pa mizu yake timatenga nayitulojeni mu mpweya ndi kuonjezera chonde m'nthaka.

Kabzalidwe

Mlimi aviike mbewu m'madzi ofunda kuti khungu lake lifewe. Abzale padzuwa, m'dothi losasunga madzi, pakuti chinyezi chochuluka chimaoletsa mizu. Chitsambachi chimapirira chilala koma sichikhala zaka zambiri, kotero mlimi azisunga mbewu.

Ntchito zake

Kuyambira kale anthu amamwa madzi a masamba ake pofuna kuthetsa kutentha thupi, kupweteka m'mimba ndi kusowa chilakolako cha chakudya, komanso amatsukira zilonda. Ofufuza anapezamo canavanine, pinitol ndi GABA.

Chenjezo

Dzina lakuti kankerbos lisasokeretse munthu: palibe umboni wakuti chitsambachi chimachiza khansa kapena Edzi. Kafukufuku wa ku KwaZulu-Natal, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anaonetsa kuti sichichepetsa kachilombo ka HIV m'magazi. Kafukufuku wina wa mu 2013 anapeza kuti chimachepetsa mlingo wa atazanavir, mmodzi mwa ma ARV, m'thupi la munthu. Mankhwala akachepa m'magazi, kachilombo kamapeza mpata woyamba kupima.

Motero Amalawi okhala ku Joni, pamodzi ndi abale awo olandira zitsamba kuchokera kumeneko, asaphatikize unwele ndi mankhwala a HIV kapena a chifuwa chachikulu popanda kufunsa achipatala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa achipewe. Alangizi a zaulimi akupemphedwa kufotokoza chenjezoli kwa mlimi aliyense wofuna kulima chitsambachi.