Chingerezi ku yunivesite: amachifuna koma amachiopa

Wophunzira wa ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Lago akamafika ku yunivesite amakhala atadutsa m'zilankhulo zitatu. Chinyanja anachiyamwa kwa amayi, Chipwitikizi anachipeza kusukulu, ndipo Chingerezi chinabwera pambuyo pake ngati phunziro la maola ochepa pa sabata. Mabuku ambiri onena za kaphunzitsidwe amachitcha Chingerezi chilankhulo chachiwiri, koma kwa ana athu ndi chachitatu. Kalembera wa mu 2017 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 alionse m'Mozambique ndi amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo choyamba. Nkhani ya Chingerezi ingaoneke ngati ili kutali ndi ife amene timaphunzitsa kalasi 1 kapena 3, koma zambiri zimene zimavuta ophunzira a ku yunivesite mizu yake ili m'makalasi athu momwemu.

Chifukwa chimene amachifunira

Mayiko onse 6 amene tinachita nawo malire, omwe ndi Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma ndi m'masukulu. Dziko lathu lili mu SADC, ndipo mu 1995 linalowa mu Commonwealth ngakhale kuti silinalamulidwepo ndi Britain. Ku Tete kufunika kwa Chingerezi kumaoneka ndi maso. Magalimoto a katundu amadutsa pa Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano tsiku lililonse, ndipo ntchito zambiri za kumigodi ya malasha ku Moatize ndi za m'mabungwe akunja zimafuna munthu wochidziwa. Wophunzira zaulimi pa UniZambeze ku Ulónguè, kapena zamigodi pa Instituto Superior Politécnico de Tete, akayamba kulemba monografia yake amapeza kuti zolemba zatsopano zambiri za sayansi zili m'Chingerezi.

Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Gardner ndi Wallace Lambert, anafotokoza m'buku lawo la mu 1972 kuti pali zifukwa za mitundu iwiri zimene munthu amaphunzirira chilankhulo chachilendo. Wina amafuna kuyandikana ndi eni chilankhulocho, wina amafuna phindu monga ntchito kapena maphunziro apamwamba. Ophunzira athu ambiri ali m'gulu lachiwirili, ndipo palibe cholakwika. Vuto ndi lakuti phindulo lili patali pamene mayeso ali pafupi, choncho wophunzira amaloweza zoti akhozere mayeso basi. Amatha kutchula mndandanda wa aneni monga "go, went, gone" osaphonya, koma mlendo akamufunsa njira, pakamwa pamauma.

Zimene zimavuta pakamwa

Zolakwa za ophunzirawa sizibwera mwachisawawa. Pafupifupi chilichonse chili ndi kochokera.

M'Chinyanja maphatikizo amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake "school" inasanduka sukulu ndipo "spoon" inasanduka supuni. Wophunzira akakumana ndi mawu ngati "asked" kapena "texts", lilime limafuna kuikapo malembo a liwu pakati ndi kumapeto. Komanso Chinyanja chili ndi maliwu 5 okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi cha ku Britain chili nawo pafupifupi 20. Motero "ship" ndi "sheep" zimamveka ngati mawu amodzi.

Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo. Wina akati kulira, wina kulila, tonse timamva chimodzimodzi. M'Chingerezi "play" ndi kusewera pamene "pray" ndi kupemphera. Apa Chipwitikizi chimathandiza, chifukwa amene amasiyanitsa "caro" ndi "calo" ali kale theka la njira.

Malembo ena amasocheretsa. Th wa mu thumba si th wa mu "think", ndipo ph wa mu phala si ph wa mu "phone". Koma pomwepa Chinyanja chili ndi mwayi umene Chipwitikizi chilibe. Ife timasiyanitsa pala ndi phala, kula ndi khula. Mngerezi akamatchula "pen", "ten" kapena "key" amatulutsa kampweya kofanana ndi ka mu ph, th ndi kh wathu. Wophunzira akangouzidwa zimenezi, katchulidwe kake kamasintha msanga.

Kamangidwe ka ziganizo nakonso kamawoloka kuchokera ku chilankhulo china. Timati ndili ndi zaka 20, m'Chipwitikizi "tenho 20 anos", ndiye wophunzira amalemba "I have 20 years" m'malo mwa "I am 20". Mlowam'malo wathu iye amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho "he" ndi "she" amasinthanitsidwa munthu akamalankhula mofulumira. Mayi akafunsa mwana kuti "Sunadye?", iye n'kuyankha "Inde", ndiye kuti sanadye. M'Chingerezi "yes" pa funso lotere amatanthauza kuti wadya. Palinso mawu ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo: "library" si "livraria", "parents" si "parentes", ndipo "push" ndi kukankha pamene "puxar" ndi kukoka.

Zolakwa zoterezi zimangosonyeza kuti wophunzira akugwiritsa ntchito zimene akudziwa kale, ndipo zimakonzeka mphunzitsi akamuonetsa kumene zachokera.

Mantha

Chimene chimavuta kuchiza ndi mantha. Mu 1986 Elaine Horwitz ndi anzake, pofufuza ophunzira a pa yunivesite ya Texas, analongosola mbali zitatu za mantha a m'kalasi ya chilankhulo chachilendo: kuopa kulankhula pagulu, kuopa mayeso, ndi kuopa kuonedwa ngati mbuli. Wophunzira wamantha amakhala kumbuyo, sakweza dzanja, ndipo chifukwa salankhula sapeza mpata wolakwitsa ndi kukonzedwa. Akalephera, manthawo amakula.

Kwa ophunzira athu ambiri aka si koyamba kumva choncho. Amene analowa kalasi 1 n'kupeza mphunzitsi akulankhula Chipwitikizi chokhachokha anaphunzira ali wamng'ono kuti kukhala chete n'kumene kumapulumutsa. Anazolowera kuyankha pamodzi ndi gulu, kubwereza mawu osawamvetsa. Ena analangidwapo chifukwa cholankhula chilankhulo cha kwawo pabwalo la sukulu. Mwana wotere akafika kwa mphunzitsi wa Chingerezi amabwera ndi chizolowezi chomwecho. Nthawi zambirinso Chingerezicho chimafotokozedwa m'Chipwitikizi chimene iye sanachigwire bwino, m'kalasi yodzaza, mabuku ali ochepa.

Kuwerenga ndiye phiri lalikulu

Ophunzira a m'malire, amene amamvera wailesi za ku Malawi kapena ali ndi abale tsidya lina, nthawi zina amacheza m'Chingerezi mosavuta. Koma kucheza n'kosiyana ndi kuwerenga buku la sayansi. Jim Cummins, pofufuza ana obwera kuchokera kumayiko ena ku Canada, anapeza kuti chilankhulo chochezera chimagwidwa m'zaka pafupifupi 2, pamene cha maphunziro chimatenga zaka 5 mpaka 7. Anawo ankamva Chingerezi tsiku lonse. Nanga kuli bwanji wathu amene amachimva m'kalasi mokha?

Paul Nation wa ku New Zealand anawerengera mu 2006 kuti munthu amawerenga momasuka ngati akudziwa mawu 98 pa 100 alionse a m'nkhaniyo, ndipo kuti zitero pamafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000. Banja la mawu ndi mawu onse ochokera ku tsinde limodzi, monga phunzira, phunzitsa, mphunzitsi ndi maphunziro. Chiwerengerochi n'chachikulu, koma pali chotipepukitsira. Mu 2000 Averil Coxhead anasonkhanitsa mabanja 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a ku yunivesite, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki. "Analyse" ndi "analisar", "method" ndi "método", "significant" ndi "significativo". Wophunzira wowerenga bwino Chipwitikizi amawazindikira mawuwa ngakhale asanawaphunzire.

Nanga kuwerenga bwino Chipwitikizi kumachokera kuti? Cummins yemweyo analemba mu 1979 kuti luso limene mwana wapeza m'chilankhulo choyamba limawolokera ku chachiwiri, bola ngati akuchimva mokwanira ndipo ali ndi chidwi nacho. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Kudziwa kuti malembo amaimira maliwu, kupeza mfundo yaikulu ya ndime, kufupikitsa nkhani, kufunsa ngati wolemba akunena zoona, zonsezi saziyambiranso pa chilankhulo chilichonse. Ndipo zimagwidwa msanga m'chilankhulo chimene mwanayo amamva. Ntchito ya PEBIMO, imene INDE inayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, inasonyeza ana olankhula momasuka ndi mphunzitsi wawo m'kalasi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri amene analowa m'sukulu za boma mu 2003 anamangidwa pamenepo.

Choncho kholo likafunsa kuti Chinyanja chidzamuthandiza chiyani mwana ku yunivesite, yankho lilipo. Kuwerenga kwa Chinyanja kumachirikiza kwa Chipwitikizi, ndipo kwa Chipwitikizi kumatsegula khomo la Chingerezi cha m'mabuku. M'mera mpoyamba.

Zimene tingachite m'makalasi athu

Choyamba, ana asamathere pa kutchula maphatikizo. Aziwerenga nkhani zathunthu m'Chinyanja, ndipo ife tiziwafunsa mafunso a "chifukwa chiyani" ndi "wadziwa bwanji", osati a "ndani" ndi "kuti" okha. Mwana wa kalasi 3 akhoza kufotokoza nkhani yonse m'ziganizo zitatu za iye mwini. Luso limeneli ndi lomwe adzafune polemba monografia.

Chachiwiri, tiziyerekeza zilankhulo poyera. Lembani pabolodi nsapato ndi kalata pambali pa "sapato" ndi "carta", kenaka buku, tebulo ndi sitolo pambali pa "book", "table" ndi "store". Afunseni ana kuti chasintha n'chiyani. Iwo okha adzaona malembo a liwu amene Chinyanja chawonjezera, ndipo adzadabwa kuti akudziwa kale mawu a zilankhulo zitatu. Simufunika kukhala katswiri wa Chingerezi kuti muchite zimenezi.

Chachitatu, Chipwitikizi chikayamba kutenga malo aakulu m'makalasi apamwamba, Chinyanja chisatsekeredwe panja. Phunziro lovuta la masamu kapena la sayansi lingayambe ndi kukambirana m'Chinyanja, kenaka mfundo zomwezo n'kunenedwa ndi kulembedwa m'Chipwitikizi.

Chachinayi, tichepetse mayankho a gulu lonse, chifukwa mwana amene sanamve amabisalamo. Ana azikambirana awiriawiri asanayankhe, ndipo atsikana ndi okhala kumbuyo azipatsidwa mpata. Mwana akalakwitsa, tibwereze chiganizo chake m'njira yoyenera n'kupitiriza, ndipo kuseka mnzake wolakwitsa kukhale koletsedwa kuyambira sabata yoyamba.

Chomaliza, tizitamanda wofunsa funso monga momwe timatamandira woyankha bwino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwana amene wazolowera kunena kuti "Aphunzitsi, sindinamve, mubwerezenso" m'Chinyanja adzatha kunena zomwezo m'Chipwitikizi, ndipo akadzafika m'kalasi ya Chingerezi ku Tete, ku Lichinga kapena ku Maputo, adzakweza dzanja.