Chenjezo pa Chinyengo cha Malonda a pa Intaneti m'Dera la Kapondo

Unduna woona za malonda ndi mafakitale ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse a m'dera la Kapondo, m'boma la Mchinji, za njira zimene akuba amabera anthu ogula katundu pa intaneti. Nyengo yogulitsa soya, mtedza ndi fodya ikafika, anthu ambiri amasunga ndalama m'mafoni, ndipo akuba amaidziwa bwino nyengo imeneyi.

Chinyengochi chimayamba ndi tsamba la pa Facebook kapena gulu la pa WhatsApp. Wakuba amaikapo zithunzi za katundu zimene watenga pa masamba a ogulitsa a kunja, monga njinga zamoto, masola, mafoni kapena feteleza, pa mtengo wotsika kwambiri kuposa wa m'masitolo a ku Lilongwe kapena ku Chipata. Wogula amauzidwa kuti katundu watsala wochepa, choncho atumize theka la ndalama tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pakapita masiku angapo, munthu wina amaimba pa nambala yachilendo, n'kudzitcha wogwira ntchito ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Amati katunduyo wagwidwa pa chipata cha Mchinji ndipo pakufunika ndalama za msonkho. Wogula akatumiza, pamabuka chifukwa china chofunanso ndalama, mpaka tsiku limene nambala zonse zimasiya kupezeka.

Akuba amapeza mwayi waukulu pa katundu amene wogula amachita naye manyazi, monga zidole zogonana nazo ndi mankhwala amene amati ndi owonjezera mphamvu za abambo. Munthu wofuna katundu wotere safunsa mnzake kapena m'bale wake, ndipo amalipira mwakachetechete kuti nkhani isamveke. Akaberedwa, amaopa kupita ku polisi. Akuba ena amafika poopseza kuti atumiza mauthenga a wogulayo kwa akazi ake, ku mpingo kapena kwa amfumu ngati sawonjezera ndalama. Kulipira sikuthetsa chiopsezo chotere, chifukwa wakuba akaona kuti munthu ali ndi mantha amabweranso. Anthu akumbukirenso kuti gawo 179 la lamulo la Penal Code limaletsa kuitanitsa ndi kugulitsa zinthu zolaula, ndipo akuba amagwiritsa ntchito lamulo lomweli poopseza amene awabera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula aliyense akulangizidwa kudekha ndi kutsimikiza zinthu zingapo asanatumize ndalama. Choyamba, wogulitsa weniweni amakhala ndi malo odziwika ochitira malonda, ndipo savuta wogula akafuna kutuma m'bale wake kukaona katunduyo ndi maso. Chachiwiri, dzina limene limatuluka pa foni potumiza ndalama lifanane ndi dzina la wogulitsa kapena la bizinesi yake. Kuyambira mu 2018, nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso, koma akuba amagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'maina a anthu ena. Dzina likasiyana, malondawo alekedwe. Chachitatu, msonkho wa katundu wochokera kunja umaperekedwa ku MRA, ku ofesi yake kapena ku banki, ndipo wolipira amalandira lisiti. Sutumizidwa ku nambala ya foni ya munthu. Chipata cha Mchinji, chimene chinayamba kugwira ntchito limodzi ndi cha Mwami cha ku Zambia mu Disembala 2022, chili m'boma lomwe lino, kotero n'zotheka kupita kukafunsa ngati katundu wagwidwadi. Chachinayi, nambala yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena banki isaperekedwe kwa munthu aliyense, ngakhale atadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya mafoni. Pomwe n'zotheka, ndalama ziperekedwe katundu atafika m'manja.

Munthu amene waberedwa asafufute chilichonse m'foni mwake. Asunge uthenga wotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa, nambala za akubawo, zithunzi ndi zokambirana zonse, popeza zimenezi ndiwo umboni. Adziwitse kampani ya foni kapena banki yake mwamsanga, ndalamazo zisanatulutsidwe kwa ejenti, kenaka akapereke dandaulo ku polisi yapafupi kapena ku polisi ya pa boma la Mchinji. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limateteza ogula pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA ndilo limayang'anira ntchito za mafoni ndi intaneti. Ngati wogulitsa ndi bizinesi yodziwika imene yapereka katundu wosiyana ndi amene inalengeza, dandaulo lipite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a misika, magulu a alimi ndi a banki mkhonde kuti afalitse uthengawu pa misonkhano yawo. Ukupemphanso kuti munthu amene waberedwa asasekedwe, kaya amagula katundu wa mtundu wanji. Wina akabisa nkhani yake chifukwa cha manyazi, nambala imene inamubera imapitiriza kugwira ntchito, ndipo wotsatira kuberedwa amakhala mlimi mnzake wa m'mudzi womwewo, amene wangogulitsa zokolola za chaka chonse.