Ku Mgona, adzakuimbira ndani?

Tsiku lomwe ndinkasaka nyumba ya lendi ku Mgona, mayi eninyumba sadandifunse za ntchito kapena ngati ndili pabanja. Atandionetsa chipinda, bafa ndi kumpopi komwe amagula madzi, adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa: "Nanga mwana wanga, umapemphera kuti?"

Ndidayankha monga timayankhira ambirife, kuti paliponse, bola Mulungu ndi mmodzi. Mayiwo sadaseke. "Paliponse saika maliro," adatero. "Ukadzagwa pakhomo pano, ndidzathamangira kwa yani?"

Mumtima ndidangoti ndi nkhani za achikulire izi. Ndidalipira lendi ya miyezi iwiri n'kulowa. Padatenga chaka kuti funso lawo lija ndilimvetse.

Kwa inu amene dzina la Mgona mumangolimvera pankhani za msika wa mtedza, dera lino lili m'mphepete mwa Kanengo, moyandikana ndi Area 25. Ambiri okhala kuno adachoka kwawo kudzasaka ganyu kumafakitale, kuokushoni ya fodya ndi kumsika. Nyumba n'zothithikana moti mnzako akayetsemula kuseri kwa khoma umachita kumupepesa. Ndiye taganizani zimakhala bwanji mipingo yonse ikayamba kupemphera.

Kuno mapemphero sadikira Lamulungu. Lachisanu masana abale athu achisilamu akangotuluka kumzikiti, anyamata ena amakhala ayamba kale kukoka mawaya ndi kuyesa zimkuzamawu pokonzekera ovanayiti. Kiyibodi imalira mpaka tambala woyamba, ndipo magetsi akazima jenereta imalowa m'bwalo. Kukacha Loweruka, a Seventh Day atchena kale, Baibulo kukhwapa, okala yotseka ngakhale kasitomala agogode bwanji. A Mboni za Yehova mumakumana nawo awiriawiri m'tinjira, aulemu, osathamanga.

Lamulungu ndiye chinam'balala. Akatolika amalawirira misa yoyamba, ena kuyenda wapansi mpaka kuparishi ya St Francis ku Area 25. A CCAP atenga mabuku awo a nyimbo. Kuseri kwina ng'oma ya Ziyoni yagunda, anthu a mikanjo akuzungulira mpaka fumbi koboo. Apositoli ovala zoyera akhala pansi pamtetete, nsapato atavula, amayi uku abambo uko. Ndiye pali mipingo yopanda nyumba yakeyake, yomwe imachita lendi makalasi m'sukulu zapulaiveti. Ndidapempherapo mumpingo wina womwe khoma lokha ndilo linkatisiyanitsa ndi mpingo unzake. Abusa a mbali inayo akakuwa kuti Aleluya, ena kumbuyo kwathu ankayankha Ameni mosadziwa.

Mayina ake osanena. Chipinda cha mabenchi asanu, koma chikwangwani chikuti International Ministries.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 77 ndi Akhristu. Akatolika ndi 17, a CCAP 14, a Pentekoste pafupifupi 8, ndipo Asilamu ndi pafupifupi 14. Koma gulu lalikulu kuposa onse, anthu pafupifupi 27 mwa 100 alionse, ndi lomwe a kalembera adangolilemba kuti Akhristu a mipingo ina. Amenewo mukafuna kuwaona ndi maso, bwerani ku Mgona Lamulungu m'mawa.

Mpingo uliwonse udabwera ndi njira yake. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa adakhazikika ku Mvera m'boma la Dowa mu 1889, ndipo mbewu yawo ndiyo Sinodi ya Nkhoma, yomwe idalowa mu CCAP mu 1926, patatha zaka ziwiri a Livingstonia ndi a Blantyre atagwirizana. Ansembe a White Fathers adatsegula Mua mu 1902, chaka chomwenso a Seventh Day adayamba ntchito ku Malamulo ku Thyolo. John Chilembwe adali atayambitsa kale PIM ku Chiradzulu mu 1900. Ziyoni adabwera nayo ndi makolo athu ochokera kumigodi ya ku Joni, pomwe Apositoli mizu yawo ili ku Zimbabwe. A Mboni adaletsedwa mu 1967, ambiri adazunzidwa n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo adaloledwanso mu 1993.

Kale mipingoyi idali ndi madera akeake. Ukabadwira ku Nkhoma unkadziwiratu kopemphera, chimodzimodzi wobadwira ku Likuni kapena ku Likoma. Koma likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu adayamba kukhamukira kuno kuchokera kumadera onse, aliyense atasenza mpingo wakwawo pamodzi ndi mphasa ndi mapoto. Kumudzi mipingoyi inkatalikirana ulendo wa tsiku lathunthu. Ku Mgona idadzapezeka pa poloti imodzi, ikugwiritsa ntchito bafa limodzi.

Ngakhale CCAP yeniyeniyo mumzinda uno ili pawiri. Mkangano wa malire pakati pa Nkhoma ndi Livingstonia udafika poti Livingstonia idatsegula mipingo yake mu Lilongwe, nayo Nkhoma n'kukatsegula yake ku Mzuzu. Akuluakulu adakangana zaka zambiri, makalata n'kumauluka. Koma mayi wa ku Rumphi yemwe amagulitsa tomato pafupi ndi kwathu sakamba za malire. Iye amati akaimba nyimbo m'Chitumbuka amamva ngati wafika kwawo, ndipo akadzamwalira a Umanyano ndiwo adzadziwe njira ya kumudzi kwake.

Apa ndi pomwe ndidayamba kuona kuti kuchuluka kwa mipingo kuno si nkhani ya chiphunzitso kwenikweni. Funsani anthu khumi kusiyana kwa mpingo wawo ndi wa aneba, ambiri angokuuzani za tsiku lopemphera, ubatizo wa mumtsinje kapena wa pamphumi, ndi nkhani ya mowa. Kwinako sadziwa, ndipo sizikuwasowetsa tulo. Chomwe amadziwa bwino n'chakuti kumudzi munthu amakhala ndi mwinimbumba, ankhoswe, anyakwawa ndi adzukulu. M'tauni zonsezo palibe. Yemwe amadzakuona ukagonekedwa ku Kamuzu Central, atanyamula phala m'fulasiki, ndi wa kumpingo.

Mipingo yakale idazindikira zimenezi kalekale. Akatolika ali ndi miphakati, yomwe Bishopu Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970. A Nkhoma ali ndi milaga. Ndi timagulu ta mabanja oyandikana, tokumana m'nyumba mkati mwa sabata. Kumeneko ndiko amadziwa kuti uje wadwala, uje wachotsedwa ntchito, mwana wa uje wabwezedwa kusukulu. Amayi a Chigwirizano, a Dorika ndi a mabungwe a Chikatolika ndiwo amatunga madzi, kusesa ndi kuphika pakhomo pakagwa zovuta. Kunena zoona, mipingo ya ku Mgona ili pamsana pa amayi. Abambo timangotchuka ndi maikolofoni.

Nanga bwanji achinyamatafe tikuthawako? Yankho ndili nalo chifukwa nane ndidathawako. Kumpingo wa makolo, mnyamata amadikira imvi kuti amve mawu ake. Kumpingo watsopano, sabata yachiwiri akupatsa kale kiyibodi, kapena foni kuti uziulutsa mapemphero pa Facebook, ndipo mwezi usanathe akukutchula kuti mtumiki. Chinanso, kumeneko mavuto amawatchula maina. Sapempherera "osowa ndi ovutika" mwachisawawa ayi. Amapempherera lendi, pasipoti, ulendo wa ku Joni, intavyu ya Lolemba, banja lomwe likuchedwa. Munthu wosowa pogwira ukamva vuto lako likutchulidwa pachimkuzamawu, misozi imatsika yokha.

Ndipo tisanamizane kuti mipingo ya Pentekoste ndi ya dzulodzulo kapena ya anthu wamba okha. Living Waters idayamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo Lazarus Chakwera adatsogolera Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013 asanadzakhale mtsogoleri wa dziko mu 2020. Ambiri mwa abusa a timipingo ta m'makalasi ndi anthu oona mtima, okhala m'nyumba za lendi ngati ife, oyenda wapansi kukaona odwala.

Koma nawo akathyali alipo. Nditamaliza digiri n'kukhala chaka ndi theka osapeza ntchito, ndidanyamula mapepala anga mu envulopu kupita nawo kwa mneneri wina kuti akawasanjike manja. Adandiuza kuti ndibzale kaye mbewu yolingana ndi malipiro omwe ndikufuna. Ndidabzala ndalama ya thiransipoti ya sabata yonse. Ntchito idadzapezeka patapita miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndithokoze mneneriyo kapena mnzanga yemwe adanditumizira chidziwitso cha ntchitoyo pa WhatsApp. Zanga n'zoseketsa. Zosaseketsa ndi za munthu amene wauzidwa kuti wachira, ataye ma ARV. Zosaseketsa ndi zomwe tidaona nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pomwe ena ankabisa odwala m'nyumba chifukwa chikhulupiriro chawo sichilola mankhwala. Malo othithikana ngati kuno, chikhulupiriro cha nyumba imodzi chimatha kudwalitsa mzere wonse.

Nayo mipingo yakale isadziyeretse. Maenvulopu achuluka: chakhumi, masika, chitukuko, Paper Sunday, kutsazika abusa, kulandira abusa. Mayi wogulitsa makala amachita manyazi kupita kutchalitchi chimanjamanja, ndiye amangokhala pakhomo. Akajomba miyezi ingapo, dzina lake limayamba kuzilala m'kaundula. Ndipo tonse taonapo kuti maliro a bwana amabwera abusa atatu ndi makwaya anayi, pomwe a mlonda amatumizako mkulu wa mpingo mmodzi, wofulumiranso.

Tsopano ndibwerere kufunso la mayi aja.

Pa poloti yathu pankakhala mnyamata wina wakabaza, msinkhu wanga, wochokera chakumwera kwa chigawo chapakati. Adakulira mumpingo wa makolo ake, koma pobwera m'tauni sadatenge kalata yosamukira. Kuno ankapemphera apa ndi apo, monga ine. Chaka chomaliza ankakonda kagulu kena kokumana m'kalasi, ndipo ndiye ankanyamula zimkuzamawu zawo panjinga yake ulere. Usiku wina galimoto idamuomba pamsewu. Sadafike kuchipatala wamoyo.

M'mawa mwake achibale awiri omwe adali nawo m'tauni adayamba kuyenda. Kumpingo wa makolo ake adawalandira mwaulemu, n'kutsegula mabuku, koma dzina lake mudalibe. Adati popanda kalata sangavale yunifolomu kapena kuyendetsa mwambo, lamulo silawo. Kagulu ka m'kalasi kaja kadali katasamuka miyezi iwiri m'mbuyomo chifukwa cha ngongole ya lendi, ndipo foni ya mtsogoleri wake siinkapezeka. Dzuwa lidalowa. Pasiwa padali zii. Amene mudagonapo pamaliro mukudziwa kulemera kwa usiku wopanda nyimbo. Mnyamata wina adayatsa kasipika ka Bluetooth n'kuika nyimbo zauzimu za mufoni, koma zidangowonjezera chisoni, ndipo batire lidatha isanakwane 10 koloko.

Apo ndi pomwe mayi eninyumba adadzuka. Iwo ndi a Chigwirizano, koma bulauzi yoyera ndi duku adazisiya m'chikwama, adangomanga chitenje. Adagogoda kwa mnzawo wa mphakati, kwa mayi wa Dorika kuseri kwa mpopi, kwa mayi wa tomato wa ku Rumphi uja, mpaka kwa amayi awiri a Ziyoni. Adalowa m'nyumba ya siwa n'kukhala pamphasa. Poyamba zinkavuta: wina akayambitsa nyimbo, theka silikuidziwa, kapena likuidziwa ndi mawu ena. Kenaka adapeza zomwe onse adakulira nazo, ndipo adaimba mpaka kucha. Panja, ife amuna tidazungulira moto, Mkatolika, Msilamu, wa Pentekoste ndi ife a paliponse. Amfumu adayendetsa mbale ya chipepeso. Akabaza anzake adasonkha ya bokosi ndi mafuta a galimoto. Pemphero lonyamulira thupi adapereka ndi bambo wina wokalamba wa Ziyoni, yemwe ana a pa poloti amamuseka chifukwa cha mkanjo wake.

Palibe mpingo womwe udalemba maliro amenewo m'buku lake. Sindikudziwanso ngati amayi aja sadakafunsidwe mafunso kumipingo yawo.

Galimoto itanyamuka, tidatsala tikukolopa ndi kubweza mabenchi omwe tidabwereka. Mayi aja mawu adali atasasa. Adandipatsa tsache, osandiyang'ana n'komwe, n'kunena motsitsa: "Waona, mwana wanga? Ife tikukalamba. Sitidzagogoda m'makomo mpaka kalekale."

Mwezi watha ndidawaimbira amayi anga kumudzi kuti akandifunsire kalata yanga kwa mlembi wa mpingo. Adakhala chete kanthawi, kenaka adafunsa ngati ndikudwala. Ndidati ayi, ndili bwino. Akuti mlembiyo wati ndikaonekere ndekha, ndipo pali zina zoti tikakambirane zokhudza zaka zisanu zomwe sindidaoneke. Ovanayiti ya Lachisanu sindidasiye, kiyibodi ija imandikomabe. Koma tikangolandira mwezi uno, ndikwera minibasi ya kumudzi.